Mankhwala kulibe, inu mukuti penti?

Kalata iyi yagona mu imelo yanga masabata atatu. Ndinkaitsegula, kuwerenga, n'kutsekanso. Wandilembera ndi mnyamata wa ku Senga Bay amene amajambula zithunzi zogulitsa kwa alendo obwera kunyanja. Iye ndi anzake, awiri mwa iwo oyimba gitala, akufuna kumapita kuchipatala kukapenta wodi ya ana ndi kukayimbira odwala. Atawauza amalume ake, iwo anangoseka nati, "Mankhwala kulibe, inu mukuti penti?" Ndiye akufunsa ngati amalumewo akunena zoona, ndipo ngati sakunena zoona, ayambire pati.

Achimwene, pepani kuti ndachedwa. Amalume anuwo anandiponda pachilonda, chifukwa mawu ngati amenewo anatulukapo pakamwa pangapa.

Zaka zingapo zapitazo amayi anga anagwa akuchokera kodula mpunga kudambo, cha ku Chia kwathu kuno ku Nkhotakota, mtolo uli pamutu. Fupa la ntchafu linathyoka. Kwa amene simunaonepo, munthu wamkulu akathyoka pamenepo nthawi zambiri m'zipatala zathu zazing'ono amamulowetsa kachitsulo cha m'munsi mwa bondo, kumangirira chingwe, chingwecho kudutsa kumiyendo kwa bedi, n'kulendewetsa cholemera kuti mwendo uzikokeka mpaka fupa ligwirane. Amayi anagona choncho masabata 7. Chagada, osatembenuka, osadzuka, zonse za kuchimbudzi pomwepo.

Gadiyani ndinali ine. Dzina la chipatala sinditchula, palibe amene ndikufuna kumuchititsa manyazi. Gadiyani amatopa, koma ali ndi mwayi umodzi: ali ndi chochita. Kukacha mumatulutsidwa kuti akolope, mumathamangira kumpopi, kukachapa zitenje, kukalimbirana mafuwa kukhitchini, kumva miseche ya wodi yonse uku mukuvundula kondowole. Wodwala alibe chilichonse. Adokotala akadutsa m'mawa, tsiku latha. Mayi amene moyo wawo wonse dzuwa silinawapezepo pamphasa anatsala ndi chinthu chimodzi chokha choyang'ana, banga la madzi a mvula pa siling'i, pamwamba penipeni pa bedi lawo.

Sabata yachitatu anasiya kuyankhula. Anawayeza malungo, palibe. BP ili bwinobwino. Phala masipuni awiri, basi, n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Ndinachita kubwereka ndalama kuti ndiwagulire mpasa wa ku Bua, nsomba imene kale ankainyambita mpaka minga, koma anangoinunkhiza. Adokotala ankandilimbikitsa kuti fupa likuyenda bwino. Linkayendadi bwino fupalo, mwini wake ndiye ankatha.

Loweruka lina ndinauzidwa kuti mankhwala opha ululu atha, ndikagule kufamase. Ndikubwerako, ndalama ya ndiwo itathera komweko, ndinapeza achinyamata a mpingo wina ali pakhomo pa wodi ndi gitala ndi maluwa a mapepala. Kamtsikana kena kanandipatsa duwa. Ndinakayang'ana n'kunena kuti, "Mukanabwera ndi panado bwenzi tikuthokoza." Kanangozyolika. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake ndimachita manyazi.

Amene anawadzutsa amayi anali mayi wokolopa, wachikulire ndithu, amene ankagwira ntchito akuyimba chapansipansi. Tsiku limenelo ankayimba nyimbo ya chiwoda. Atafika ndi chikolopa pansi pa bedi lathu ndinangomva mawu osasa akuti, "Iyayi, mwapotoza. Pamenepo pamakwera." Ndinacheuka kufuna amene wayankhula. Wokolopa uja anayimika ndodo yake nati, "Tayimbani inuyo tsono, amayi, timve." Anayimba mizere iwiri, mawu akuthawathawa ngati wayilesi yotha mabatire. Mayi wa bedi loyandikana nalo, mkono wina uli pa diripi, anayamba kumenya ntchafu yake ndi dzanja lotsalalo m'malo mowomba m'manja.

Ine, mwana wawo woyamba, wa zaka zopitirira 40, sindinkadziwa kuti amayi ali mtsikana ndiwo ankatsogolera nyimbo pa chiwoda m'mudzi mwawo, nthawi ya Kamuzu. Ndinazimva tsiku limenelo, akufotokozera wokolopa, osati ine. Madzulo anadya mtanda wathunthu wa kondowole n'kudandaula kuti ndaufewetsa kwambiri.

Tsono musandimve molakwa. Nyimbo sinalumikize fupa la amayi, linalumikizidwa ndi chitsulo chija, chingwe ndi masabata 7. Anthu amene amalemba pa Facebook kuti nyimbo ndi mankhwala oposa onse amanditopetsa mofanana ndi amalume anu. Mwana wa malungo amafuna LA. Wa kolera amafuna madzi a m'mitsempha. Mukapita ndi gitala kwa mayi amene akutaya magazi pobereka, amene akuthamangitseniyo akhala atachita bwino.

Koma akatswiri anaziyesa zimenezi, si nkhani ya amayi anga okha. Mu 1984 Roger Ulrich anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Science wokhudza odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni ya ndulu pachipatala china ku Pennsylvania. Theka anagona m'zipinda zimene zenera lake linkaonetsa mitengo, theka linalo zenera linkangoonetsa khoma la njerwa. Oona mitengo aja anatuluka msanga, pafupifupi tsiku limodzi, ndipo sanafune kwambiri mankhwala amphamvu opha ululu. Anthu 46 ndi ochepa, ndikudziwa, ndipo mtengo si penti. Koma nditawerenga za khoma la njerwalo ndinaona banga lija. Mu 2015 magazini ya The Lancet inasonkhanitsa kafukufuku 73 wa odwala pafupifupi 7,000 ochitidwa opaleshoni, n'kupeza kuti omvera nyimbo ululu ndi nkhawa zinkawachepera, ndipo ankamwa mankhwala opha ululu ocheperako. Masiku ogona m'chipatala okha sanasinthe, ndipo ndimakonda kuti zimenezonso anazilemba poyera. Mu 2019 ofesi ya WHO ya ku Ulaya inatulutsa lipoti lounika zolemba zoposa 900 pa nkhani ya luso ndi umoyo. Mukawauze amalume kuti ngati mankhwala opha ululu akusowa, chinthu chochepetsa ululu chosafuna ndalama zakunja sichoti nkuchiseka.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife sitinafunike kudikira WHO. Davide ankamuyimbira zeze Sauli mzimu woipa ukamugwira, timaziwerenga kutchalitchi. Anzathu a kumpoto ali ndi vimbuza, gule wochizira amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 limodzi ndi gule wamkulu. Pitani kusikelo kulikonse m'mawa, mukapeza amayi akuyimba ndi kuwomba m'manja ana asanakwere pa sikelo. Ndiye zikatheka bwanji kuti munthu yemweyo akangogonekedwa, tiziti tsopano akhale chete, aziyang'ana kudenga?

Ndipo ndinene mosapsatira. M'zipatala zathu luso timalilola pokhapokha likamalalikira. Nyimbo ya kusikelo iyenera kunena za kulera kapena magulu 6 a zakudya. Sewero liyenera kuthera pa kukayezetsa magazi. Zimenezo n'zabwino, zinayamba kale, m'ma 1980 a ku Chancellor College ankazungulira ndi zisudzo za zaumoyo m'midzi ya ku Liwonde, ndipo zinathandiza. Koma tayang'anani makoma a wodi ya ana. Chithunzi cha mwana wotupa mimba, cha bambo akutsegula m'mimba pafupi ndi chitsime, cha udzudzu waukulu ngati nkhuku. Mwana wodwala amagona usiku wonse akuyang'anizana ndi chithunzi cha mwana wodwala kuposa iyeyo. Palibe amene anaganizapo zomujambulira bwato, kapena njovu za m'nkhalango yathu ya Nkhotakota, kapena mbuna zanu za kunyanja zija, popanda uthenga uliwonse pansi pake, kungoti aone chinthu chokongola. Ine ndikuti chithunzi chosaphunzitsa kanthu n'chimene chikusowa.

Pali gulu lina limene ndiyenera kulitchula, ngakhale ena andida nazo. Odzacheza ndi odwala Lamulungu masana. Ambiri ndi anthu abwino, amabwera ndi sopo ndi shuga, ndipo sopoyo anatithandiza. Koma abale, nyimbo zake! Munthu wathyoka mwendo chabe, inu mwamuzungulira ndi nyimbo zimene timayimba potsitsa bokosi m'manda. Amayi anandinong'oneza tsiku lina kuti, "Kodi adokotala akuuza chiyani chimene sukundiuza?" Ndiye kukuwa popemphera, mlaliki atagwira chitsulo cha bedi n'kumaligwedeza, cholemera chija chikulendewera uku ndi uku. Kuno ku Nkhotakota, komanso kwanu ku Salima, m'wodi imodzi mumagona Mkhristu ndi Msilamu mabedi oyandikana, koma palibe amene amafunsa kuti mayi, tikuyimbireni kapena ayi. Za andale a pa Khirisimasi, obwera ndi makamera ochuluka kuposa mapaketi a shuga, ndisayambe n'komwe.

Nanga ogwira ntchito?

Ifenso tinagwa m'mbuna yomweyo. Pofika sabata yachisanu kuyimba kwa masana kunali kutakula. Agadiyani a mawodi ena ankabwera, wina n'kumamenya beseni. Tsiku lina namwino wamkulu wa wodiyo analowa nkhope ili gwa. "Muno si pabwalo la chinamwali. Aliyense chete." Ndinapsa mtima. Ndinaganiza kuti ndi nkhanza zija timazinena za anamwino.

Ndinadzamva madzulo kuti pakona, kuseri kwa nsalu yotchinga, panali mayi amene mutu unkamuwawa koopsa moti phokoso lililonse linkamuliza, ndipo mwana wake ndiye anakadandaula. Ife ndi beseni lathu sitinafunse aliyense. Mayiyo anamwalira usiku womwewo, magetsi atazima. Namwino uja anali yekha wodi yonse. Atatha kukonza thupi ndi kuwatonthoza achibale, ndinamuona atakhala patebulo pake, tochi ya foni atayitsamiritsa pa botolo, akuluka kachipewa kakang'ono ngati ka chidole. Ndinapita kukapepesa. Anati tizipewato ndi ta ana obadwa masiku osakwana, a ku kangaroo. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Ndikapanda kugwira ulusi, manjawa amanjenjemera mpaka m'mawa."

Anthu amenewa anadutsa mu Covid, kenako kolera ya 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma athu a m'mbali mwa nyanjawa sanasiyidwe. Amatseka maso a anthu akufa kenako n'kupita kukaphikira ana awo. Timadziwa kuwanyoza pawayilesi, nthawi zina moyenera, koma sindinamvepo wina akufunsa kuti zimene amaonazo amakazitula kuti. Odzacheza onse amawadutsa patebulo paja ngati mpando. Inu mukapita, musakawadutse.

Ndatsala pang'ono kuiwala kuti munafunsa poyambira. Lembani kalata kwa mkulu wa zaumoyo m'boma lanu, koma musanalembe kachezeni ndi namwino woyang'anira wodiyo, mumufunse chimene akufuna ndi nthawi imene simungasokoneze. Safunsa anadya phula. Ku Salima komweko kuli Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika amene Lucy Finch anatsegula mu 2007, kafunseni nzeru za kakhalidwe pafupi ndi munthu wodwala kwambiri. Penti ikhale yopanda mtovu, yochapika, ndipo mupente wodi ikakhala yopanda anthu chifukwa fungo lake ndi loipa kwa a chifuwa. Pitani awiri kapena atatu, osati gulu lonse, gitala imodzi, mopanda sipika, ndipo pa bedi lililonse muyambe mwafunsa. Wakana, dutsani. Sambani m'manja, wachimfine atsale kunyumba, ndipo musajambule wodwala aliyense pafoni. Ana muwasiyire mapepala ndi makrayoni azijambula okha. Bola theka la ola Lachitatu lililonse chaka chonse kusiyana ndi chikonsati chimodzi.

Amalume anu muwatenge tsiku lina akakugwirireni makwerero.

Amayi alipo, amayenda ndi ndodo, kudambo tinawaletsa koma amazemba. Dzulo ndinawawerengera kalata yanu tili pakhonde, mwera ukuwomba. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Umuuze mnyamatayo asataye penti yonse pakhoma. Wodwala sayang'ana khoma, amayang'ana kumwamba." Ndinawafunsa ngati akulikumbukira banga lija. Anati linkaoneka ngati ng'ona yoyasamula, ndipo mvula ikagwa inkamera mwendo wina.