Mayi, makiyi a kompyuta ya mu shopu yanu ali ndi ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Dzina sinditchula, monga anandipempha. Chaka chatha anaikitsa kompyuta ya pa till yowerengera katundu ndi ndalama, pamodzi ndi makamera anayi. Tsiku lina simenti itakwera mtengo, anaimbira mnyamata amene anawaikira zinthuzi, iye n'kuwauza kuti asavutike, akonza ali kwawo komweko. Mayiwa ali chiimire anangoona kamuvi ka pa sikirini kakuyenda kokha, mitengo n'kumasintha. Madzulo ake mwana wawo anawauza kuti imeneyo ndi backdoor, ndipo m'mafilimu munthu amangolemba liwu limodzi makina onse n'kumumvera. Funso lawo linali lakuti: "Kodi zimenezi zilipodi kapena ndi za m'mafilimu chabe? Ngati zilipo, ine ndigone tulo?"

Mayi, zikomo chifukwa chofunsa. Zilipodi. Koma mwana wanu waika mumphika umodzi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mukazilekanitsa mudziwa choyenera kuopa.

Choyamba munachionapo kale. Mukakhala pa mzere m'sitolo yaikulu ku Chichiri kapena m'tauni, kashiya n'kulakwitsa, kudutsitsa paketi imodzi ya shuga kawiri, sangafufute yekha. Amakweza mkono kuitana supavaiza. Mzere wonse umaima, ena kumbuyo akudandaula kuti kunja kukuda minibasi zikwera mtengo. Supavaiza amabwera khadi lili m'khosi, amalidutsitsa, amalemba nambala yake, shuga uja n'kuchoka pa risiti. Imeneyi ndiyo override: mphamvu ya wamkulu yolumpha lamulo limene makina akutsatira. Mwini sitolo amaidziwa, kashiya amaidziwa, ndipo makina amalemba kuti wafufuta ndi uje, pa ola lakuti. Palibe choipa pamenepa. Makina opanda kiyi wa abwana ndi oopsa, chifukwa akalakwitsa palibe wowaletsa.

Chachiwiri ndi khomo lakuseri, backdoor ija. Ili ndi khomo limene mmisiri anasiya pomanga nyumba yanu osakuuzani. Silili pa pulani, mlonda salidziwa, ndipo wolowera pamenepo sasaina m'buku la pa geti. Kusiyana kwake sikuli pa kukula kwa mphamvu. Kuli pa mafunso awiri: kodi mwini nyumba akulidziwa, ndipo kodi wodutsapo amasiya mapazi?

Za m'mafilimu ndingotchula imodzi, chifukwa inafika mpaka kunyumba ya boma. Mu WarGames ya mu 1983, mnyamata wa sukulu akufunafuna magemu amagwera pa kompyuta ya asilikali a ku America, n'kulowa polemba dzina lakuti Joshua, la mwana womwalira wa katswiri amene anapanga makinawo. Pulezidenti Ronald Reagan ataionera anafunsa akuluakulu a asilikali ngati zoterezi zingachitikedi. Anamuyankha kuti vuto lilipo, ndipo ndi lalikulu. Chaka chotsatira, mu 1984, anasaina chikalata cholamula kuti makompyuta a boma atetezedwe. Pamene mafilimu amanama ndi apa: palibe liwu limodzi lotsekula makina onse a dziko lapansi. Makina aliwonse ali ndi owapanga awo, ndipo khomo limakhala pokhapo pamene munthu analisiya kapena kuliboola.

Pa chifukwa chomwechi, uthenga umene umazungulira pa WhatsApp wakuti mbava zikakukakamizani kutapa ndalama pa ATM mulembe PIN yanu chobwerera m'mbuyo ndipo apolisi afika, musaukhulupirire. Ndi bodza limene lingakuphetseni. Tangoganizani munthu amene PIN yake ndi 2552, imene sisintha ngakhale muilembe chobwerera m'mbuyo. Ndipo *#06# ija imene anyamata okonza mafoni mu msika wa Limbe amalemba si matsenga, imangoonetsa IMEI, nambala yozindikiritsa foni yanu.

Koma liwu limodzi lotsekula makina a mtundu umodzi linapezekapo. Mu Disembala 2015, kampani ya Juniper Networks, yopanga zipangizo zotchinga akuba pa netiweki za makampani ndi maboma, inalengeza kuti yapeza m'pulogalamu yake ya ScreenOS mizere imene iyo sinaloleze. Wina anabisamo pasiwedi yolembedwa mofanana ndi mizere wamba ya pulogalamu, kuti woiwerenga angoidutsa. Woidziwa akanalowa ngati bwana wamkulu pa chipangizo chilichonse chokhala ndi pulogalamuyo. Masiku ochepa asanathe, akatswiri anaifukula n'kuifalitsa pa intaneti. Kuyambira tsiku limenelo, kiyi amene wina anadzisungira anakhala wa aliyense.

Nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino ndi ya ku Greece, chifukwa kumeneko khomo linamangidwa ndi cholinga chabwino. Malamulo a mayiko ambiri amafuna kuti makina a makampani a mafoni akhale ndi njira yoti apolisi azimvetsera foni ya munthu khoti likalola. Makina a Ericsson amene Vodafone ya ku Greece inkagwiritsa ntchito anali nayo njirayi m'kati mwake, ngakhale kampaniyo inali isanayambe kuigwiritsa ntchito. Mu 2004, chaka chimene mzinda wa Athens unkachititsa masewera a Olympics, anthu ena analowetsa pulogalamu yawo m'makinawo n'kuyatsa njira ija mwakachetechete. Mafoni oposa 100 ankamvetseredwa, kuphatikizapo ya nduna yaikulu ya dzikolo, Kostas Karamanlis, ndi za nduna zake zina. Mawu ankatumizidwa ku timafoni 14 tongogula pa kauntala. Zinaululika mu 2005 pamene mauthenga ena a SMS anayamba kulephera kufika, akatswiri n'kupita kukafufuza chomwe chavuta. Chitseko chinali cha apolisi okhala ndi chilolezo cha khoti, koma amene anadutsapo kwa miyezi yambiri analibe chilolezo cha wina aliyense.

Izi ndi zimene zimandichititsa kukana ndikamva wina akuti pakhale khomo lapadera la anthu abwino okha. Boma la America linayesa mu 1993 ndi kachipangizo kotchedwa Clipper chip, kobisa mawu a pa foni koma boma n'kusunga kiyi wina. Mu 1994 katswiri Matt Blaze anaonetsa kuti kali ndi chilema, ndipo ntchito yonse inafa patapita zaka zochepa. Mu 2016 kampani ya Apple inakana pempho la FBI, nthambi yofufuza milandu ya boma la America, loti ilembe pulogalamu yapadera yotsekulira iPhone ya munthu amene anapha anthu ku San Bernardino, ponena kuti pulogalamuyo ikangolembedwa siingathere pa foni imodzi. Ine ndili mbali ya Apple pa nkhaniyi, ngakhale ndikumva ululu wa abale a ophedwawo. Loko sayang'ana nkhope, amangomva kiyi.

Nthawi zina wogulitsa loko ndi yemweyo wakuba. Kampani ya ku Switzerland yotchedwa Crypto AG inagulitsa makina obisa mauthenga kwa maboma oposa 120. Mu Febuluwale 2020 atolankhani anaulula kuti kuyambira mu 1970 eni ake enieni anali akazitape a CIA ya ku America ndi a BND ya ku Germany, ndipo makina ambiri ankapangidwa ofooka dala. Maboma ankalipira ndalama zawo kuti ena aziwerenga zinsinsi zawo.

Yaposachedwa ndiyo imandizizira m'nkhongono. Pali kapulogalamu kotchedwa XZ Utils, kofinya mafayilo kuti achepe, kamene kamapezeka pafupifupi m'makompyuta onse oyendera Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, monga Windows), omwe ndi amene asenza mbali yaikulu ya intaneti. Kwa zaka zambiri kankasamalidwa ndi munthu mmodzi wongodzipereka, Lasse Collin. Mu 2021 panatulukira wina wodzitcha Jia Tan, n'kuyamba kuthandiza. Ankakonza zolakwika, ankagwira ntchito yooneka bwino. Maakaunti ena anayamba kumupanikiza Collin kuti akuchedwetsa zinthu, apereke mpata kwa wina. Collin anali atatopa, ndipo pang'onopang'ono anamupatsa Jia Tan mphamvu. Patatha zaka zoposa ziwiri akudzionetsa wokhulupirika, mkuluyu analowetsa khomo lakuseri mu XZ 5.6.0 ndi 5.6.1, loti wokhala ndi kiyi wake azitha kulamula makompyuta a eni ali kutali. Anamugwira ndi Andres Freund, injiniya wa ku Microsoft, yemwe sankasaka n'komwe akuba. Anangodabwa kuti kulowa mu kompyuta imene ankayeserapo zinthu kukuchedwa ndi theka la sekondi, n'kukana kuzisiya choncho. Pa 29 Malichi 2024 anaulula zimene anapeza, pulogalamuyo isanafalikire kwa anthu ambiri. Theka la sekondi, mayi. Inu mumadziwa mmene zimakhalira sitoko ikasiyana ndi buku ndi matumba awiri a simenti. Wina amati n'zochepa, wina amakhala pansi mpaka adziwe kumene apita.

Kwathu kuno phunziro tinalilandira mowawa. Pa Cashgate mu 2013, ndalama za boma zinatuluka kudzera mu IFMIS, dongosolo la pa kompyuta lolipirira zinthu za boma. Macheke ankalembedwa kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, kenaka mbiri ya malipirowo n'kufufutidwa m'makina. Lipoti la Baker Tilly, kampani yofufuza mabuku a ndalama, linapeza ndalama zoposa K13 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Apa sipanafunike katswiri wa kunja woboola khoma. Anali anthu a m'kati, okhala ndi mphamvu yolowa ndi kufufuta. Kiyi wa abwana akamagwira ntchito popanda womuyang'anira, wasanduka kale khomo lakuseri.

Tsono tibwere ku shopu yanu. Chimene munaona, kamuvi kakuyenda kokha, mwachidziwikire ndi pulogalamu yothandizira munthu ali kutali, monga AnyDesk kapena TeamViewer. Amisiri ambiri muno mu Blantyre amaiika kuti asamawononge thiransipoti kuchoka ku Chilomoni kapena ku Machinjiri kudzangosintha mtengo umodzi. Sindikumuweruza mnyamatayo, n'kutheka ndithu kuti ankangofuna kukuthandizani msanga. Koma pali chimodzi chimene chandikhudza mu imelo yanu: simunanene kuti munadina paliponse kumulola. Ngati analowa inu osavomereza, ndiye kuti pulogalamuyo inatcheredwa moti azilowa nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Mwana wanu sanaphonye kwenikweni, chifukwa khomo limene mwini sakulidziwa ndi lakuseri ngakhale wolisiyayo akhale woyera mtima. Ndipo mawa laputopu ya mnyamatayo ikabedwa mu minibasi ya ku Bangwe, shopu yanu ili m'chikwama chomwecho.

Mwezi wathawu mnzanga wina wa golosale anandipempha kuti ndikamuonere makamera. Kabokosi kojambula kanali pansi pa kauntala, pakati pa makatoni a sopo, fumbi lili mbuu. Nditapukuta ndi kulumikiza mbewa ya kompyuta, ndinalemba admin (dzina la akaunti ya bwana wamkulu), pasiwedi n'kuyesa 12345. Kanatseguka nthawi yomweyo. Kanali pa intaneti zaka ziwiri, kuti iye aziona shopu pa foni ali kunyumba. Anagwira pakamwa. Zipangizo zoterezi, zosiyidwa ndi pasiwedi ya ku fakitale, ndi zimene pulogalamu yoipa ya Mirai inasonkhanitsa mu 2016 pongoyesa mapasiwedi odziwika pafupifupi 60, n'kuzigwiritsa ntchito kugwetsa masamba akuluakulu a pa intaneti monga Twitter ndi Netflix kwa maola angapo.

Muitaneni mnyamatayo abwere ku shopu, osati pa foni. Musamuyambe ndi mlandu, mumuuze kuti mukufuna kudziwa makomo onse a nyumba yanu. Akuonetseni pulogalamu imene amalowera, ndipo aitchere moti izikufunsani kaye, inu n'kudina kuti mwalola. Akaunti ya admin ya pa till, ya makamera ndi ya router (kabokosi kogawa intaneti), zonse zikhale zanu. Pasiwedi yatsopano mulembe nokha iye atayang'ana kumbali, kenaka muilembe pa pepala n'kukaisunga kunyumba pamodzi ndi zikalata za malo, osati kuimata pansi pa kiyibodi. Iye mumutsekulire akaunti yakeyake ya dzina lake, yoti mutha kuitseka tsiku lililonse. Ana a ntchito nawonso aliyense akhale ndi yake, ndipo mphamvu yofufuta risiti kapena kusintha mtengo ikhale ya inu ndi munthu mmodzi yekha amene mumamudalira. Mumufunsenso akuonetseni pamene makina amalemba mbiri ya zofufutidwa, ndipo Loweruka lililonse potseka muziiwerenga monga muwerengera ndalama za m'kabati.

Mmisiri wabwino sadzakwiya ndi zimenezi, ambiri amapepukidwa chifukwa katundu akasowa palibe adzawaloze chala. Koma akayamba kuzemba, kapena kunena kuti pasiwedi ya admin sangakupatseni chifukwa muononga zinthu, musakangane naye. Pezani wina wodziwa makompyuta, ayambe wakopera mbiri yonse ya malonda anu pa flash, kenaka asinthe mapasiwedi onse tsiku lomwelo. Mukatero mundilemberenso, mundiuze dzina la pulogalamu ya pa till yanu ndi la kabokosi ka makamera, ndidzakulozereni pamene mbiri ya olowa imapezeka.