Yankho kwa amayi amene mwana wawo akufuna kukhala wofufuza

Mayi, mwafunsa kuti mtsikana wanu amene wamaliza digiri ya biology alowere mbali iti ya kafukufuku, poti akuopa kuti zonse anazitulukira kale akuluakulu. Muuzeni asataye mtima.

Ine ndingamuloze kumene biology yakumana ndi kompyuta. Kwa zaka zambiri, kudziwa mmene puloteni (kanthu kakang'ono kwambiri kamene kamamanga ndi kuyendetsa thupi la chamoyo) imodzi imapindikira kunkatenga miyezi, mwinanso zaka, munthu ali m'labu. Mu 2020 pulogalamu ya AlphaFold, yopangidwa ku kampani ya DeepMind ku London, inaonetsa kuti ikhoza kulosera kapindikidweko molondola kwambiri. Amene ankatsogolera gululo, John Jumper, anabadwa mu 1985, ndipo mu 2024 analandira nawo mphoto ya Nobel asanakwanitse zaka 40. Lero maonekedwe a mapuloteni oposa 200 miliyoni amene pulogalamuyi inalosera ali pa intaneti, aulere. Mwana wanu ali ku Zomba ndi laputopu yake akhoza kutsegula puloteni ya kachilombo ka malungo, n'kuizunguza pa sikilini ngati akusankha mango pamsika. Bandulo yokha ndiye imaluma, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Ngati amakonda kugwira ntchito ndi anthu, ayang'ane ku Blantyre. Kafukufuku wa katemera wa tayifodi amene anayamba mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anakhudza ana pafupifupi 28,000, ndipo bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome Programme linali pakati pa ntchitoyo. Malo ngati amenewo amafuna achinyamata odziwa masamu ndi kusanthula deta.

Choncho ayambe kuphunzira Python kapena R, zilankhulo za kompyuta zosanthulira deta, tsopano lino, asadikire masters.