Amaseka Chiyani Anzawo Ali Pangozi?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mulanje amene amuna awo ndi wapolisi, ndipo anandipempha kuti ndisatchule dzina lawo. Mayiwa akuti pa nthawi ya namondwe wa Freddy amuna awo anatumizidwa ndi anzawo cha ku Muloza, ndipo panadutsa masiku awiri foni yawo isakupezeka. Mtima utawakwera, anapita kusiteshoni kukafunsa, koma anakapeza apolisi otsala akumwa tiyi, wina akuseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo zimenezi zinawapweteka kwambiri. Amuna awo anabwerako amoyo, koma kuyambira nthawi imeneyo, mvula ikangoyamba kuwomba malata usiku, amadzuka n'kukhala pampando mpaka mbandakucha. Funso lawo ndi ili: "Kodi apolisi sakhala ndi nkhawa anzawo akakhala pangozi? Ngati amakhala nayo, amaiika kuti?"

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndinagwira ntchito ya upolisi zaka zambiri ndisanapume, ndipo nthawi yaitali ndinkakhala m'chipinda cha wailesi ya mauthenga, kumene munthu umamva zonse koma sungatambasule dzanja kuti ugwire aliyense. Choncho ndikuuzeni poyera kuti anthu amene munawapeza akuseka aja anali ndi nkhawa, mwina yofanana ndi yanu, koma iwo anali ataiduladula n'kugawana monga anthu amagawirana mizere m'munda waukulu. Wina anatenga wailesi, wina buku la OB lolembamo zochitika, wina anapita kukasaka mafuta a galimoto, wina anatereka tiyi. Nkhawa imakula msanga mwa munthu amene manja ake ali chabe, n'chifukwa chake sajeni wodziwa ntchito salola kuti pa tsiku lotere wina aliyense angokhala ndwii, ngakhale ntchito imene angampatse itakhala yosesa pakauntala.

Tikumbukire kukula kwa zimene zinachitika. M'mwezi wa Marichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osalekeza, mapiri anagumuka ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi ku Soche mu mzinda wa Blantyre, milatho inakokoloka, magetsi anazima, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. Akuluakulu a kuno anati napolo wadutsanso, pokumbukira za mu 1991 pamene madzi ndi miyala zochokera m'phiri la Michesi zinakwirira midzi ya ku Phalombe. Wapolisi amaphunzitsidwa kulimbana ndi munthu, kaya wakuba, kaya gulu lochita zipolowe, koma madzi a mtsinje wa Ruo sungawaopseze ndi mfuti kapena utsi wokhetsa misozi. Ndiponso ambiri mwa apolisiwo anali ndi abale awo m'midzi yomweyo imene ankamva kuti yakokoloka, kotero kuti ankadera nkhawa anzawo a pantchito ndi makolo awo nthawi imodzi.

Chinthu choyamba chimene chimagwira mitima pa nthawi yotere ndi kuwerengana. Gulu lisananyamuke mayina amalembedwa, nthawi yonyamuka imalembedwa, ndipo amagwirizana kuti azilankhula pa wailesi pakapita nthawi yakutiyakuti. Kwa munthu wakunja zimenezi zimaoneka ngati mwambo wa muofesi, koma kwa wotsala kusiteshoni ndi mankhwala, chifukwa m'malo moganiza za tsiku lonse amangodikira ola likubweralo. Mawu a pa wailesi amakhala aafupi ndi ozizira mwadala. Munthu amene mtima ukumugunda akamva mnzake akulankhula mofatsa, nayenso amatsitsa mawu, pamene wina akakuwa mantha amafalikira ngati moto wa m'tchire la mu Okutobala. Ine ndinaphunzira kupuma mpweya pang'onopang'ono ndisanakanikize batani, kuukoka ndikuwerenga mpaka kanayi ndi kuutulutsa chimodzimodzi, popeza kupuma kotere kumachepetsa kuthamanga kwa mtima, ndipo amene ali kutsidya lina samva kunjenjemera kwako.

Chovuta ndi pamene wailesi yangoti zii, monga zinachitikira kwa inu. Apa ndi pamene nthabwala zimayambira, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene panakupwetekani. Tsiku lina, zaka za m'mbuyomo, gulu lathu linachedwa kubwerera kuchokera kumudzi wina kumene anthu anali atakwiya, ndipo panatha maola atatu tisakumva kanthu. Mnzathu wina anayamba kunena kuti mkulu amene ankatsogolera gululo sangafe tsiku limenelo chifukwa anali asanabweze ngongole ya mandasi kwa mayi wogulitsa pageti. Tinaseka tonse, ena mpaka misozi, ndipo palibe anafunsa ngati misoziyo inali ya phwete kapena ya chinthu china. Nthabwala yotere imanena zimene pakamwa sipangathe kunena mwachindunji, kuti munthuyo ndi wathu, tikumudikira, ndipo tikukana kumulankhula ngati wapita kale. Si zachilendo kwa ife a kuno, pakuti ngakhale pamaliro adzukulu amaseka kumanda akukumba, ndipo palibe amene amati alibe chisoni.

Komabe sindikufuna kuwayeretsa kotheratu anzangawo. Mkazi wa mnzawo akafika pakauntala maso ali gwa, ulemu wake ndi kuti mmodzi adzuke, amutengere pambali, amuuze zimene zikudziwika ndi nthawi imene akuyembekezera kumvanso uthenga. Ngati zimenezi sizinachitike, analakwa, ndipo kukhumudwa kwanu kunali koyenera. Ife apolisi timadziwa kusamalana tokhatokha, koma kawirikawiri timaiwala kuti kumalaini, kunyumba za apolisi, kuli akazi, amuna ndi ana amene akudikira popanda wailesi, popanda buku, popanda ntchito yowatangwanitsa.

Kwa amene ali pamalo a ngozi penipenipo, nkhani imakhala ina. Thupi limatulutsa adrenaline, michere yokonzekeretsa munthu kulimbana kapena kuthawa, mtima umathamanga, m'kamwa mumauma, maso amangoona chimene chili patsogolo, ndipo nthawi zina makutu samva bwino zimene zikunenedwa pambali. N'chifukwa chake wapolisi sayenda yekha. Mnzako amaona kumene iwe sukuona, ndipo dzanja lake likakugwira paphewa umabwerera m'maganizo ako. Apolisi amene anagwira ntchito kuno mu 2017, pa nthawi ya mphekesera za anamapopa, pamene anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo ankatchinga misewu usiku ndipo anthu angapo osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya, amadziwa kuti mantha oopsa kwambiri ndi oopa anthu ako omwe, amene dzulo unagula nawo nthochi pamsika umodzi. Imfa ya wapolisi amene anagendedwa ku Msundwe mu Okutobala 2019 inakhala m'mitu ya apolisi a dziko lonse, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zoterezi sazikamba pa pelete, koma aliyense akamakwera Land Cruiser amayang'ana amene wakhala naye pafupi, ndipo mtima umakhala pansi akaona kuti ndi munthu amene sangamuthawe zinthu zikavuta.

Pemphero nalonso lili ndi malo ake. Ndaonapo Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh Day ndi Msilamu ataimirira pamodzi kuseri kwa galimoto, zipewa zili m'manja, kwa mphindi imodzi yokha, kenako n'kukwera osanenanso kanthu.

Tsopano ndifike pa bambo a kunyumba kwanu, chifukwa ndikuona kuti funso lanu lenileni lagona pamenepo. Njira zonse ndafotokozazi sizichotsa nkhawa, zimangoiuza kuti idikire kaye panja mpaka ntchito ithe. Ikatha ntchito, nkhawa ija imagogoda. Kwa anthu ambiri kusowa tulo, kudzidzimuka ndi kulota zoopsa kumachepa pakatha masabata angapo, makamaka ngati apuma mokwanira ndipo ali ndi wolankhula naye. Koma zikapitirira mwezi, munthu n'kumaona zomwe zija ngati zikuchitikanso, n'kumapewa malo kapena nkhani zomukumbutsa, n'kumapsa mtima pa zinthu zazing'ono, achipatala amati likhoza kukhala vuto la maganizo lobwera munthu akaona zoopsa, lotchedwa PTSD, ndipo ndi matenda amene ali ndi chithandizo. Munthu amene ananyamula mitembo ya ana m'matope, kenako n'kumamva mvula pamalata, thupi lake limaganiza kuti tsiku lija labweranso. Si kufooka, ndipo si kulodzedwa.

Tsoka lake n'lakuti pakati pathu pali mawu akuti mwamuna salira, ndipo mu yunifolomu mawuwa amalemera kawiri. Wapolisi amaopa kuti akanena kuti sakugona, anzake amuona ngati wamantha, kapena bwana amuchotsa pa ntchito zina. Choncho ambiri amathawira ku mowa, umene umagonetsa msanga koma umasokoneza tulo pakati pa usiku, n'kumusiya munthu ali wotopa ndi waukali kuposa dzulo. Ndaika m'manda anzanga amene zipolopolo zinawaphonya koma botolo silinawaphonye.

Chimene ndingakulangizeni ndi chakuti musawakakamize kufotokoza zonse zimene anaona, popeza kukumba chilonda mwankhanza sikuchiza, ndipo ngakhale bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO sililimbikitsa kukakamiza munthu kubwereza nkhani yoopsa atangoiona kumene. Usiku akadzuka, mukhoza kungodzuka nawo, kuwaterekera madzi a tiyi, n'kukhala pambali pawo osafunsa zambiri. Masana, pa nthawi yabwino, muwauze zimene inu mukuona, osati zimene iwo akulakwitsa, mwachitsanzo kuti mwaona kuti mvula ikamagwa sagona ndipo zikukudetsani nkhawa. Kenako fufuzani mnzawo mmodzi amene anali nawo ku Muloza kuja, makamaka wamkulu kwa iwo amene amamulemekeza, mumupemphe kuti azibwera kudzacheza. Zimene mwamuna amalephera kuuza mkazi wake, poopa kumusenzetsa zithunzi zoopsa, nthawi zambiri amaziyamba yekha ali pa bawo ndi munthu amene anaponda naye matope amodzi, ndipo musadzione ngati mwachepetsedwa zikatero.

Ngati miyezi yadutsa chonchi, monga kalata yanu ikusonyezera, kucheza kokha sikukwanira. Apolisi ali ndi abusa awo amene amapereka uphungu, ndipo pachipatala cha boma pa Mulanje kapena pa Thyolo mukhoza kufunsa wachipatala woona za matenda a maganizo, amene angathe kuwathandiza pompo kapena kuwatumiza kwa akatswiri. Anthu amangomva dzina la chipatala cha ku Zomba n'kuchita mantha, koma ochuluka amathandizidwa akugona kunyumba kwawo ndipo akupitiriza ntchito. Chinthu chimodzi chokha musachizengereze: mukadzawamva akunena kuti moyo watopetsa kapena kuti kuli bwino atangochoka, musadikire kuti kuche kawiri, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mudziwitse mkulu wawo amene mumamukhulupirira, chifukwa ntchito yawo imawaika pafupi ndi mfuti.

Mvula yoyamba kuno imafika cha mu Novembala, ndipo mitambo ikayamba kuunjikana pa Sapitwa tulo tawo tidzavutanso. Ndi bwino kuti mnzawo uja ayambe kubwera panopa, kukadali ng'amba, ndipo ulendo wa kuchipatala muupange malata asanayambe kulira.