Achimwene, lowani kunsi ndi hamala musanalipire

Achimwene, mwaponya muno chithunzi cha Land Rover Series 3 yomwe mukufuna kugula, koma penti yomwe ikuwala pa chithunzicho isakunyengeni. Mukuti Series 3 imeneyo injini ikulira bwino komanso bodi ilibe dzimbiri, eya, bodi ya Land Rover singachite dzimbiri chifukwa ndi ya aluminiyamu, ingakhale pamvula zaka 40 imangotuwa basi. Chomwe chimadyeka ndi chasisi ndi bulkhead (khoma lija lolekanitsa injini ndi mokhala anthu), zimenezo ndiye zachitsulo, ndipo chasisi yake ndi ya bokosi, matope akalowa mkati amakhala momwemo ndi chinyezi nkumadya kuchokera mkati, panja mukuona ngati zili bho. Mwandikumbutsa zanga moti mtima wayambanso kuthamanga.

Yanga ndi 109, Series 3 yaitali ija, ya pikapu, ya 1976, injini ya dizilo ya malita 2.25. Inali ya malume anga, atamwalira inakhala pa njerwa zaka 11 kuseri kwa nyumba makoswe atamaliza mawaya onse. Ndinaikokera kwathu ku Lilongwe nkuyamba kuigwira pansi pa mtengo wa mango, Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri. Injini ndinatsitsa ndekha, ma ring, ma bearing, gasiketi ya hedi, mawaya ndinayala atsopano, ma swivel akutsogolo (pomwe matayala amakhotera) ndinasintha ma seal, steering relay (kachitsulo ka chiwongolero) ija imakhala mkati mwa cross member (chitsulo chopingasa cha chasisi) yakutsogolo inandidyera masabata atatu ikukana kutuluka, kuthira dizilo m'mawa ndi madzulo, jeke pansi, mpaka inalola. Zonsezo ndinapirira. Chasisi yokha ndi yomwe ndinapereka kwa munthu chifukwa makina owotcherera ndilibe.

Munthu wake anachita kundilozera anzanga, ati ndi katswiri. Anabwera, anasuzumira kunsi ngakhale kugwada osagwada, nkuti bwana musadandaule izi ndi zazing'ono, ingobweretsani kwanga kuno magetsi anu ndi ofooka. Ndinamulipira theka pomwepo kuti agule pleti yachitsulo ya 3 mm, tinagwirizana choncho. Patatha masabata atatu anandiimbira kuti yatha. Ndinapeza kunsi konse wapaka phula lakuda lija lokhuthala, kukuwala, ine nkusangalala, ndinamuwonjezeranso ya fanta pamwamba.

Ulendo woyamba wautali tinkapita kunyanja kudzera ku Dedza, kutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Kutsogolo mayi akunyumba ndi mwana wathu wa zaka 9 pakati, kumbuyo matumba 8 a chimanga opita kwa apongozi, omwe kwa 109 si katundu woti nkudandaula naye. Amene mumaudziwa msewu umenewo mukudziwa makhotolo ake, uku phiri uku phompho. Ndinali pa giya 2, pang'onopang'ono, injini ikugwira yokha. Tayala lakumbuyo lakumanzere linangogunda kadzenje kakang'ono, ndinamva kuti phwa ngati nthambi yathyoka, galimoto nkupendekera mbali imodzi, kumbuyo kukuyenda chammbali ngati nkhanu. Kuponda buleki, phazi linangofika pansi fwaa. Kupopa kachiwiri, kachitatu, palibe. Chomwe chinachitika nchakuti pomwe sipuling'i yakumbuyo imagwira ku chasisi panazuka, ekiselo nkusuntha, nkukoka kapaipi ka labala ka mabuleki kaja kamatsika kuchoka ku chasisi kupita ku ekiselo mpaka kuduka. Ndipo yanga mabuleki ake anali a laini imodzi, pakaboola pamodzi mafuta onse amathera pomwepo, matayala onse anayi alibe buleki.

Kutsogolo kunali khotolo, mwina mamita 50. Mayi akunyumba anangoti Yesu kamodzi kokha nkumukumbatira mwana. Chomwe chinatipulumutsa ndi handibuleki, paja ya Land Rover sigwira matayala, ndi dilamu yomwe ili kuseri kwa transfer box (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) imagwira propshaft, shafuti yopita ku ekiselo, ndiye sidalira mafuta a mabuleki. Ndinaikoka pang'onopang'ono poopa kuti ndikakoka mwamphamvu china chithyoka, fungo lopserera linadzaza mkati, galimoto ikunjenjemera yonse, ine nkukhotetsera dala ku mbali ya phiri, matayala nkulowa mu ngalande, bampala nkukhula miyala mpaka tinaima. Mwana wanga sanalire, anangokhala duu maso ali tong'o, ndipo mpaka lero tikamatsika phiri lililonse amagwira chitseko ndi manja awiri. Chimenecho ndi chomwe sindidzamukhululukira wowotcherera uja.

Nditalowa kunsi ndi tochi ya foni, pamene panazukapo ndinalowetsa chala chikulowa. Pleti ya 3 mm ija kunalibe. Anatenga kalata kopyapyala ngati ka mgolo, nkukadonthezera welding m'makona pamwamba pa dzimbiri lomwelo osadula nkomwe, mabowo ena anatsekamo mapepala a matumba a simenti nkumata fila pamwamba, kenako phula. Mapepala achimwene, ndinawatulutsa ndi dzanja langa zilembo zikuwerengeka. Pamalo pomwe panyamula kulemera kwa galimoto yonse ndi anthu ali mkati. Nditapita nawo kwa iye anandiyankha kuti galimoto yake ndi yakale bwana, komanso munanyamula kwambiri. Ngakhale pepani osanena. Mawa lake foni yanga anaibuloka, ndipo ndikumva kuti akuwotchererabe magalimoto a anthu mpaka pano, ma minibasi onyamula ana a eni. Anthu oterewa ndi akupha, kungoti mpeni wawo ndi welding.

Ndiye inu musanapereke ngakhale 1 kwacha, valani ovolosi, tengani hamala ndi sikuludiraiva yaikulu mulowe kunsi. Menyani cross member yakumbuyo, ma outrigger onse (timikono ta m'mbali mwa chasisi tonyamula bodi), pomwe masipuling'i agwira kutsogolo ndi kumbuyo, nyanga ziwiri zakutsogolo zomwe zagwira bampala. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwee, chodyeka chimati bu bu ndipo mumamva zinyenyeswa zikugwa mkati. Chotsani mphasa muone popondera mapazi ndi mizati ya zitseko pa bulkhead. Mwini wake akakana kuti musamenye, kapena mukapeza kunsi kwapakidwa phula latsopano, chokanipo. Kudontha kwa oyilo kusakuopseni, zonse zimadontha, bola muzionjezera oyilo wa magiya wa EP90 mu giyabokosi, transfer box ndi ma difu. Injini nayonso si vuto, ya 2.25 ndi yophweka, makaniko aliyense wachikulire amaidziwa poti galimoto za Series 3 zinapangidwa zambiri kuyambira 1971 mpaka 1985 ndipo kuno boma, mishoni ndi ma esiteti zinali zomwezi.

Ntchito yonse chitani nokha pakhomo, musapereke galimoto kwa munthu aliyense, ine ndinalumbira. Komabe welding ya chasisi musayerekeze kuphunzirira pamenepo, pezani wodziwa, mumulipire bwino ndithu osanenerera, kungoti abwere ndi makina ake pakhomo panu ngakhale mubwereke jenereta. Bodi yakumbuyo ndi ya mabawuti, mukamasula amuna anayi amainyamula, chasisi ikhale poyera. Adule ndi galainda mpaka afike pa chitsulo choyera, pleti mukagule nokha, mukhale pa mpando pomwepo mukuona, ndipo penti kapena phula asapake inu musanamenye ndi hamala. Mapaipi a mabuleki sinthani onse, a labala ndi achitsulo omwe, ndipo ngati ndi ya laini imodzi ikani master cylinder (pampu ya mabuleki) ya malaini awiri. Handibuleki muikonze ngati moyo wanu uli pamenepo chifukwa wathu unali pamenepo.

Kunena zoona ngati muli ndi banja komanso ndalama ndi zowerengeka ndingati isiyeni, imadya nthawi ndi ndalama kuposa momwe mukuganizira, mayi akunyumba anakhala chaka chathunthu osakweramo. Yangayo ndinaivulanso yonse, chasisi tinaikonza bwinobwino ndili pomwepo, pano ikuyenda ndipo ogula abwera atatu ndawabweza. Jambulani kunsi, makamaka pomwe sipuling'i yakumbuyo yagwira mbali zonse ziwiri, muponye muno tione musanapite ndi ndalama.