Mwana wanu apite ku Monkey Bay, amayi

Mayi ena a ku Chinamwali anditumizira imelo. Mwana wawo akufuna kukaphunzira za mainjini a sitima za pamadzi ku Monkey Bay, koma iwo amva kuti sitima zonyamula katundu zisiya mafuta. Ndiye akufunsa: zidzayendera chiyani, nanga mwanayo sakataya zaka zake pachabe?

Amayi, funso lanuli landikumbutsa zomwe ndinkafuna kuiwala.

Ine ndinakulira kufupi ndi Kachulu, ku Nyanja ya Chilwa. Amalume anali ndi boti la injini lomwe linkanyamula anthu, njinga ndi matumba a ufa kupita ku Chisi, pobwera litadzaza matemba. Injini ija ikakana kulira, wogwira sipanala ndinali ine. Ndinkaidziwa ngakhale ndi khutu lokha, kuti apa ndi pulagi, apa mafuta alowa madzi. Ndikafika kunyumba manja ali bii ndi girisi, bambo ankangondiyang'ana osanena kanthu. Tsiku lomwe ndinawauza kuti ndikufuna ntchito ya mainjini, anati mwana wokhoza mayeso sanunkha oilo. Kenako mu 1995 nyanja inaphwa, boti la amalume linatsala pa matope ong'aluka, bambo n'kupeza umboni wawo. "Waona? Madzi amatha, choko sichitha." Ndinapita kukaphunzira zauphunzitsi. Madzi aja anabwerera, maboti anayambanso kuyenda, ndipo wowakonza anakhala mnyamata wina amene makolo ake sanamuletse. Mpaka lero ndikamatsika basi pa depoti ya Zomba n'kumva injini ikutsokomola, mapazi amaima okha.

Choncho ndikamva kholo likuti "ntchito imeneyo ikutha", mtima umandiwawa, pepani.

Sitima sizikutha. Katundu woposa 80 peresenti wa malonda a pakati pa mayiko amayenda panyanja. Ife tilibe nyanja yamchere, koma feteleza, kaunjika, petulo ndi magalimoto akale a ku Japan zimatsikira ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban zisanakwere thiraki. Vuto ndi chimene sitimazo zimamwa: mafuta akuda, okhuthala, otsalira akayenga petulo ndi dizilo, oti amayamba awatenthetsa kuti ayende m'mapaipi. Utsi wake ndi pafupifupi 3 peresenti ya mpweya wonse wotenthetsa dziko. Mu July 2023 mayiko a m'bungwe la IMO loona za sitima za panyanja, lomwe likulu lake lili ku London, anagwirizana kuti pofika cha m'ma 2050 sitima zisamawonjezerenso mpweya umenewu m'mlengalenga. Chaka chomwecho mu March, namondwe Freddy anali atangotikokolola kuno kum'mwera, choncho sindiiona ngati nkhani ya azungu okha.

Chimene chimandikwiyitsa ndi gasi wa LNG, gasi wa pansi pa nthaka yemwe amamuziziritsa mpaka kukhala wamadzimadzi. Makampani ambiri akugula sitima zoyendera gasiyu n'kumadzitama kuti asintha. Asintha chiyani? Gasiyo amachokera pansi pomwepo pomwe pamachokera mafuta, ndipo wina amathawa mu injini osapsa, pomwe methane, yemwe ndiye gawo lalikulu la gasiyu, amatenthetsa dziko kuposa utsi wamba. Kumeneko n'kusamutsa mphika pa fuwa limodzi kuuika pa linzake, moto uli womwewo. Poyamba ndimati ndinene kuti LNG ndi poyambira chabe, koma ayi, sitima imakhala zaka 25 kapena kuposa, ndiye wogula lero wamangirira ana ake.

Mphepo ndiye ndimaikonda. Mu 2023 sitima yotchedwa Pyxis Ocean, yobwerekedwa ndi kampani ya Cargill, inaikidwa mathanga awiri olimba otalika mamita 37.5, ndipo patapita miyezi 6 anapeza kuti imapulumutsa pafupifupi matani 3 a mafuta patsiku. Si nzeru yatsopano. Anton Flettner wa ku Germany anayendetsa sitima ndi migolo italiitali yozungulira yokoka mphepo m'ma 1920, ndipo sitimayo inawoloka Atlantic mu 1926, koma mafuta anali otchipa, anthu n'kuiwala. Pa nyanja yathu yomwe, zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkawoloka ndi mathanga, ngakhale katundu wake anali wochititsa manyazi: minyanga ya njovu ndi akapolo. Koma mphepo imangothandiza, injini imakhalapobe.

Zomwe zingalowe m'thanki

Kupatula LNG, methanol, m'bale wake wa ethanol, ndiye ali patsogolo. Kampani ya Maersk inayamba kuyendetsa Laura Maersk mu 2023, sitima ya makontena yomwe imatha kumwa methanol kapena mafuta wamba. Methanol ali ndi mphamvu zosakwana theka la za dizilo, ndiye thanki iyenera kukula, komanso wambiri amene alipo lero amapangidwa kuchokera ku gasi ndi malasha. Woyera weniweni, wochokera ku zinyalala za zomera kapena ku magetsi a dzuwa ndi mphepo, ndi wochepa ndiponso wodula.

Wina ndi ammonia, yemwe akapsa satulutsa carbon dioxide, mpweya wotenthetsa dziko uja. Ndi yemwe uja amapangira urea wothira m'chimanga, ndipo apa mlimi wa ku Jali ayenera kutchera khutu: sitima zikayamba kulimbirana ammonia ndi mafakitale a feteleza, thumba lidzafika pa ndalama zingati? Ndi poizoninso, akatayikira m'chipinda cha injini amapha munthu. Mafuta ochokera ku mbewu nawo ndimawakayikira. Ethanol wa ku Dwangwa takhala tikumusakaniza ndi petulo kuyambira 1982, ndipo ndi bwino chifukwa amachokera ku zotsalira za shuga, koma kudyetsa sitima zonse za dziko lapansi kungafune minda yomwe tikulimamo chakudya. Mabatire amagwira pa ulendo waufupi, ngati wa Yara Birkeland ya ku Norway yonyamula makontena 120 okha m'mbali mwa gombe. Kuchoka Shanghai kukafika Nacala sangathe. Pa ulendo wa Monkey Bay mwina, bola magetsi asamathime. Ndipo Ilala, yomwe yakhala pamadzi kuyambira 1951, sidzayenda mpaka kalekale.

Zonsezi wolipira adzakhala wogula. Kuyambira 2024 mayiko a European Union amalipiritsa sitima zofika m'madoko awo chifukwa cha utsi, ndipo makampani anangowonjezera pa mtengo wa kontena. Fodya ndi tiyi wathu wopita ku Ulaya akwera nazo zomwezo.

Za mwanayo: apite. Injini ya methanol kapena ya ammonia ili ndi mapisitoni, mavavu ndi mapampu ngati ya dizilo, ndipo zambiri zimamwanso mafuta wamba. Muuzeni alimbikire zamagetsi ndi kemisitiri, ndipo asananyamuke akafunse kusukuluko ngati satifiketi yawo imavomerezeka pa sitima za kunyanja yamchere.