Jet ski ikulira kwambiri koma osathamanga, vuto lili pati?

FUNSO: Ndimagwira ntchito pa loji ina ku Mangochi, ndimayang'anira maboti ndi jet ski imodzi ya Sea-Doo GTI yomwe abwana anagula yakale ku Joni. Poyamba inkanyamuka bwinobwino koma pano ukaipatsa moto injini imangolira ngati iphulika koma kuyenda kwake pang'onopang'ono, makamaka akakwera awiri. Mnzanga akuti tigule impeller ya pitch yaikulu. Ndi zoona? Wowerenga, Mangochi.

YANKHO: Achimwene, ndalama za impeller zija muwauze abwana azisunge kaye. Zomwe mwafotokozazi kawirikawiri si nkhani ya pitch (kupendekeka kwa mapiko a impeller) ayi, ndi pampu yomwe ikutaya madzi kapena kukoka mpweya, amakaniko amati cavitation.

Paja jet ski ilibe magiya, shafiti imachoka ku injini kulunjika ku impeller, chitsulo chamapiko chozungulira chomwe chili mkati mwa chipaipi kumbuyoko. Madzi amalowera pansi pa tizitsulo tija timati intake grate, impeller imawakankha, kuseri kwake kuli timapiko tosazungulira towongola madziwo, kenako amatulukira pa nozzle, kukamwa kwa chipaipi chija, atapanikizika, mphamvu yonse ndi imeneyo basi. Ndiye impeller imazungulira mkati mwa mkombero wotchedwa wear ring, ndipo mpata wa pakati pa mapiko ake ndi mkomberowo umafunika ukhale wochepetsetsa. Pa Sea-Doo za injini ya 4-TEC malire ndi 0.35 mm, pa Yamaha zambiri ndi 0.6 mm. Mpatawo ukakula madzi amathawira m'mbali kubwerera mmbuyo, zimakhala ngati mjigo woti marabala atha, umapopa mpaka thukuta koma madzi akungodontha.

Chomwe chimadya mkomberowo kwathu kuno ndi mchenga. Gombe lathu ndi lamchenga ndipo alendo amakonda kuikwezera kumtunda injini ikulira, kapena kuilizira pa madzi olekeza m'maondo, pampu ija imangomeza mchenga ndi timiyala n'kumazipera mkatimo. Buku la Sea-Doo limati pansi pake pakhale madzi osachepera 90 cm musanalize, la Yamaha limati 60 cm, ndipo mlendoyo akuyenera kumva zimenezi kuchokera kwa inu asanakwere, ngakhale akhale kuti walipira zingati.

Ndiye chitani izi. Itulutseni muikweze pa ngolo yake, zulani kiyi ya chingwe ija, chotsaninso waya wa batire, chonde musalowetse dzanja mmenemo kiyi ili pamalo pake, zala zimaduka. Tengani tochi musuzumire kuchokera pa nozzle komanso pansi pa grate. Nthawi zina mupeza ndi jumbo chabe, kapena chidutswa cha ukonde chakulungika pa shafiti, kapena kabango kapanikizika pakati pa mapiko, mukachotsa basi nkhani yatha. Ngati mulibe kanthu yang'anani mkomberowo, ukakhala ndi mizere yokumbika yoti chikhadabo chikukodwa ndiye watha. Bwerekani feeler gauge kwa amakaniko a njinga zamoto, ija amayezera mavavu, muyeze phiko lililonse palokha. Ubwino wa Sea-Doo mkomberowo ndi wa pulasitiki, anaupanga dala kuti uziyamba kutha ndi iwo impeller n'kupulumuka, ndipo ndi wotchipa poyerekeza ndi impeller. Watsopanoyo muuike kaye mu fuliji mozizira kwambiri muja, umafota pang'ono ndipo umalowa mosavuta. Koma musanatseke gwedezani impeller ndi dzanja, ikamagwedera ndiye kuti mabeyaring'i atha ndipo mkombero watsopanowo sukhalitsa, udyekanso.

Impeller yeniyeniyo ikakhala ndi timabala ting'onoting'ono m'mphepete mutha kusalaza ndi fayilo mosamala, koma phiko likapindika gulani ina, yofanana ndi yomwe inabwera nayo.

Mpata ukakhala uli bwino koma vuto likadalipo, ndiye kuti mpweya ukulowa penapake. Pa Sea-Doo ndimakayikira kaye carbon ring, chotsekera chakuda chija pamene shafiti imatulukira m'thupi la chombocho. Chimazizira ndi madzi a m'nyanja ndiye anyamata akamailiza nthawi yaitali pamtunda potsuka chimapsa, kenako chimayamba kulowetsa mpweya ku pampu, madzinso n'kumalowa m'chombo. Pamtunda izilira mphindi zochepa chabe. Yang'ananinso silikoni wa m'mbali mwa grate ndi pamene pampu yagundana ndi thupi, akasweka nayenso amabweretsa vuto lomwelo.

FUNSO: Yanga ndi Yamaha VX ya injini ya 1100, ndinagula kwa munthu wa ku Gauteng yemwe ankaiyendetsa pa Vaal Dam. Imanyamuka msanga bwinobwino koma ndikafinya mpaka kumapeto injini imadukizadukiza. Pa impeller palembedwa Solas ndi manambala awiri. Wowerenga, Senga Bay.

YANKHO: Apa ndiye nkhani ya pitch ikhoza kubweradi. Manambala awiriwo, tinene ngati 13/19, akunena kupendekeka kwa phiko mu madigiri, yoyamba ndi polowera madzi, yachiwiri ndi potulukira. Pitch ikakhala yaikulu impeller imagwira madzi ambiri, injini imalemedwa ndipo rpm, kuzungulira kwa injini pa mphindi, imatsika. Ikakhala yaing'ono injini imapepukidwa, imanyamuka msanga koma rpm imakwera mpaka kompyuta yake imayamba kudula moto poteteza injini, kudukiza mukumvako kungakhale kumeneko.

Chimene ndikuganiza ndi ichi. Vaal Dam ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja ya mchere, pomwe nyanja yathu ili cha m'ma 470. Injini yopanda supercharger, chopopera mpweya wowonjezera mu injini, imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera chifukwa mpweya umachepa, ndiye mwina mwini wake woyambayo anaika impeller yopepuka kuti injini izifika rpm yake kumeneko. Kubwera nayo kuno injini yapeza mphamvu yowonjezera ndipo impeller ija yaichepera. Solas ndi kampani ya ku Taiwan yodziwika bwino, impeller zake zilibe vuto, nkhani ndi yoti nambalayo ikugwirizana ndi malo ano kapena ayi.

Komabe yezani kaye mpata uja ndanena pamwambapa, chifukwa pampu yotaya madzi nayonso imakweza rpm. Pa Yamaha mkombero ndi wachitsulo wokhomeredwa mu aluminiyamu, sutha msanga koma ukawonongeka nthawi zambiri mumasintha chigoba chonse cha impeller.

Poyesa pitani m'mawa nyanja ili bata, osati nthawi ya mwera, mafunde amadumphitsa chombo pampu n'kumagwira mpweya ndiye manambala amanama. Wokwera akhale yemweyo, mafuta ofanana, finyani mpaka kumapeto mulembe rpm, liwiro muyeze ndi GPS ya pa foni chifukwa mita ya pa chombocho simadalirika kwenikweni. Injini imeneyi imafuna izifika cha m'ma 8,000 koma osagunda malire. Ikamagunda bwererani ku pitch ya fakitale, ndipo muzisintha chinthu chimodzi nthawi imodzi kuti mudziwe chomwe chathandiza. Ngati mumanyamula ana kumbuyo kapena kukoka chubu, musapitirire pitch ya fakitaleyo, yaikulu kuposa apo izikuvutani ponyamuka ndipo injini izingolemedwa pachabe.