Eti azungu analibe ufiti?

Achemwali ena anditumizira imelo kufunsa kuti bwanji azungu alibe ufiti, kapena zinthuzi zinangolengedwera ife akuda basi. Funso lanuli achemwali landikanda pachilonda ndithu.

Mu 1590 mfumu James VI ya ku Scotland pobwera ku Denmark ndi mkazi wake Anne inakumana ndi namondwe panyanja, iyo nkuti ayi apa pali dzanja la munthu. Anagwira anthu a kufupi ndi North Berwick, mmodzi mwa iwo Agnes Sampson, mzamba, anamumeta thupi lonse ati kusaka chizindikiro cha Satana, kumuzunza, kumumana tulo mpaka anavomera, kenako kumupana khosi nkumuwotcha mu 1591. Ndi James yemweyo wa Baibulo la King James lija abusa ena amalitama lija.

Koma imene imandiwawa ine ndi ya ku Pendle ku England mu 1612. Mtsikana Alizon Device anapempha mapini kwa wamalonda John Law, kumukaniza, posakhalitsa bamboyo kugwa thupi kuuma mbali imodzi, lero tikanangoti sitiroko. Kukhoti ku Lancaster anaimika kamwana ka zaka 9, Jennet Device, kuti kaloze mayi ake enieni Elizabeth, anthu khumi nkupachikidwa.

Agogo anga aakazi zinawachitikira chonchi. Mwana wa aneba anadwala malungo nkumabwebweta kuti agogo amamutenga usiku pa lichero, basi mudzi wonse kugwirira pomwepo, munthu woti analera theka la mudziwo, anthu kusiya kugula zigumu zawo, kuchigayo azimayi kumasuntha matumba, kutchalitchi benchi yonse okha. Anabweretsa sing'anga, analipidwa mbuzi, ndipo inu mukuona ngati munthu wadya mbuzi angalengeze kuti muno mulibe mfiti? Matthew Hopkins, wosaka mfiti wa ku England, naye kuyambira 1645 ankazungulira dera la East Anglia matauni akumulipira, kubaya azimayi ndi zisingano, kuwaponya mmadzi atamangidwa, ukayandama ndiwe mfiti. Ine mundinene mmene mungandinenere koma sindinamvepo mfiti yogwidwa ili ndi golosale ndi ana apolisi, nthawi zonse ndi nkhalamba yamasiye yopanda woilankhulira.

Yankho lanu

Inde ankakhulupirira, mwinanso kutiposa poti iwo zinkadutsa kukhoti ndi majaji. Ku Scotland anapha anthu pafupifupi 2,500, ambiri azimayi, ku England pafupifupi 500 ndipo kumeneko ankapachika osati kuwotcha. Womaliza kuphedwa amatchulidwa Janet Horne wa ku Dornoch ku Scotland mu 1727. Mu 1736 lamulo la ku Britain linatembenuka, mlandu unakhala wodzichemerera kuti uli ndi mphamvu zamatsenga, ndipo lamulo lathu la 1911 loletsa mwavi ndi kutchula munthu kuti mfiti analemba ndi Angerezi omwewa. Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa boma la Scotland panthawiyo, anapepesa mu 2022, ophedwawo atawola kalekale.